Udzu umene tinauthawa ku Mpingu

Amalume anga ndi mmisiri wofolera nyumba. Kwathu ku Mpingu, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, palibe amene amawatchula kuti mmisiri, chifukwa kufolera ndi ntchito imene mwamuna aliyense wa pamudzi amayenera kuidziwa, monga kusema mpini kapena kuluka nkhokwe. Umisiri wawo umadziwika m'tauni. Chaka chilichonse udzu ukauma, cha mu Ogasiti kapena Seputembala, amalandira foni yochokera ku Lilongwe, n'kunyamula chikwanje, chisingano chawo chachitsulo ndi kathabwa komenyera udzu, ulendo wokafolera malo odyera ndi ogona alendo. Ndalama za ntchito imeneyi ndi zimene anagulira malata a nyumba yawo. Tsiku limene malatawo anakhomedwa panaphikidwa thobwa, ndipo udzu wakale umene anasasula padengapo anautentha kuseri kwa khola.

Chaka chatha mnzanga wina wa m'kalasi anachita mphumi. Achimwene ake a ku Joni anabwera kudzaona abale, ndipo anatitenga anthu anayi kukadya kumalo ena odyera mumzinda wa Lilongwe. Dzina sinditchula, ndipo kulitchula sikungakuthandizeni, popeza malo oterewa amafanana ngati obadwa bere limodzi. Pakhomo pamakhala mtondo ndi munsi zimene sizinasinjepo chimanga. Pakhoma amapachikapo malichero, mikeka, makasu ndi nkhope zosema. Mababu amawabisa m'zipanda. Pamwamba pamakhala denga la udzu lalitali, losalala ngati lometedwa ndi lumo. Nditangokweza maso ndinakazindikira kamenyedwe ka udzuwo. Sindikunena kuti anafolera ndi amalume, koma dzanja lake linali la kwathu.

Tinakhala pafupifupi theka la ola osafunsidwa kanthu. Alendo achizungu amene anafika pambuyo pathu analandiridwa asanakhazikike n'komwe. Mtsikana wovala chitenje ndi duku anafika ndi beseni ndi jagi, anagwada, n'kuwasambitsa m'manja mmodzimmodzi, iwo akujambula ndi mafoni. Atafika kwa ife anaima chilili, anatiyankhula m'Chingerezi, n'kutilozera sinki ya kuseri. Pa menyu, mtengo wa nsima ya nkhuku ya lokolo unali wokwanira kugula nkhuku yamoyo pa msika wa Mpingu, n'kutsalako ya kabaza.

Mtima unandiwawa, sindibisa. Atabwera ndi chakudya ndinamufunsa m'Chichewa kuti, "Achemwali, kwanu n'kuti?" Anati ku Nsaru. Nditanena kuti ine kwathu n'ku Mpingu anaseka, nkhope yonse n'kumasuka. Ndinamufunsa chifukwa chimene sanatigwadire ife. Anayang'ana kaye kumene kunali bwana wake, kenako anati, "Zogwadazo anatiuza kuti n'za alendo. Komanso achimwene, azibambo a konkuno ukawagwadira amayamba kukufunsa nambala ya foni." Ndinasowa chonena. Ndinafika pamalopo ndikuganiza kuti wolakwiridwa ndine.

Patapita miyezi ingapo, ndikufufuza zolemba za kalasi ina ya mbiri, ndinakumana ndi nkhani ya malo odyera amene Aamerika amawatcha tiki. Ndinaiwerenga usiku wonse, chifukwa tsamba lililonse limandikumbutsa denga lija.

Nkhaniyi imayamba ndi mkulu wina dzina lake Ernest Gantt, wobadwa mu 1907. Ali mnyamata anayendayenda kuzilumba za Caribbean ndi za m'nyanja ya Pacific, n'kubwerako ndi katundu wotolatola. Kuyambira 1920 dziko la America linali ndi lamulo loletsa kugulitsa mowa, ndipo lamuloli linatha mu Disembala 1933. Nthawi yomweyo Gantt anatsegula kabala kakang'ono ku Hollywood, kamene kanadzatchuka ndi dzina loti Don the Beachcomber. Anakakongoletsa ndi nsungwi, maukonde a asodzi, zigoba za m'nyanja ndi zidutswa za mabwato. Iye mwini anasintha dzina kukhala Donn Beach. Amati ankathira madzi padenga ndi paipi kuti makasitomala aziganiza kuti kunja kukugwa mvula, akhalebe, aitanitsenso china. Anthu a ku Los Angeles, amene anali pakati pa umphawi waukulu wa zaka za m'ma 1930, ankalowa pakhomo n'kudzipeza ali "kuzilumba" osakwera sitima.

Koma zilumba zake ziti? Mowa umene ankagulitsa unali rum, wochokera ku Jamaica ndi zilumba zina za Caribbean, kutali kwambiri ndi Tahiti kapena Samoa. Anasankha rum chifukwa nthawi imeneyo unali wotsika mtengo. Chakudya chinali cha Chitchaina, kaphikidwe ka ku Canton, chongopatsidwa maina atsopano. Wopikisana naye wamkulu, Victor Bergeron, anatsegula bala yake ku Oakland mu 1934 pa dzina loti Hinky Dink's, ndipo ataona mmene zinthu zinkayendera ku Hollywood, anaisandutsa Trader Vic's mu 1937. Bergeron ankanena kuti ndiye anayambitsa chakumwa cha Mai Tai mu 1944: rum wa ku Jamaica, madzi a mandimu, mowa wa makoko a malalanje ndi manyuchi a mtedza wa almond. M'tambula monsemo chochokera ku Tahiti ndi dzina lokha, mawu otanthauza kuti "chabwino". Panalinso chakudya chotchedwa crab Rangoon, nkhanu yosakaniza ndi tchizi n'kuikazinga, chotchulidwa dzina la mzinda wa ku Burma, dziko limene si chilumba ndipo silili ku Polynesia.

Dzina loti tiki linadzamatirira pambuyo pake. Kwa Amaori a ku New Zealand, Tiki ndi munthu woyamba kulengedwa, ndipo ku Hawaii zosema zoimira milungu amazitcha ki'i. M'zaka za m'ma 1950 zosema zoterezi zinadzaza malo odyera a ku America. Zina zinasanduka mizati ya pakhomo, zina makapu. Munthu ankamwa rum ndi kapaipi kuchokera m'mutu wa mulungu wa eni ake, n'kugula kapuyo kuti akaike pa shelefu kunyumba.

Zinthu zingapo zinakoleza moto umenewu. Asilikali ambirimbiri a ku America anabwerera kwawo mu 1945 ataona zilumba za Pacific pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1947 James Michener anatulutsa buku la Tales of the South Pacific, limene linasanduka sewero lotchuka mu 1949. Mu 1947 momwemo Thor Heyerdahl wa ku Norway anawoloka nyanja kuchokera ku Peru pa chiphaka chotchedwa Kon-Tiki, ulendo wa masiku 101. Mu 1956 kunatsegulidwa Mai-Kai ku Fort Lauderdale, malo aakulu odyera okhala ndi magule a kuzilumba madzulo alionse. Mu 1959 Hawaii inakhala boma la nambala 50 la America. Pofika 1963 Disneyland inali ndi Enchanted Tiki Room, ndipo chaka chomwecho Trader Vic's inatsegula nthambi mu hotela ya Hilton ku London, imene inakhalapo mpaka kumapeto kwa 2022.

Tsopano tiike zaka zomwezi pambali pa zaka zina. Hawaii imene inkagulitsidwa ngati paradaiso inali dziko lodzilamulira mpaka 1893, pamene azungu a minda ya nzimbe ndi amalonda, mothandizidwa ndi asilikali a America, anachotsa pampando Mfumukazi Lili'uokalani. Mu 1898 America inalanda zilumbazo. Mu 1946, pamene malo a tiki ankadzaza ndi asilikali obwerera kwawo, anthu 167 a pa chilumba cha Bikini anasamutsidwa kuti dziko lawo likhale poyesera mabomba a nyukiliya, ndipo mabombawo anaphulitsidwa kumeneko mpaka 1958. Munthu wa ku Chicago ankatha kudya pansi pa denga la kanjedza, kumvera nyimbo za kuzilumba, osaganizako n'komwe kuti eni zilumba ali kuti. Denga ndi nyimbozo zinkathandiza kuti asaganize.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri si zosemazo ayi. Ndi chipinda cha kuseri.

Ku Don the Beachcomber zakumwa sizinkasakanizidwa pamaso pa kasitomala. Zinkasakanizidwa kuseri, ndipo osakaniza oyambirira anali anyamata ochokera ku Philippines, dziko limene America inkalilamulira kuyambira 1898 mpaka 1946. Pofuna kuti ogwira ntchito asathawe ndi chinsinsi kupita kwa opikisana naye, Donn Beach ankachotsa maina pa mabotolo ena n'kulembapo manambala ndi zizindikiro. Wantchito ankadziwa kuti athire madontho akutiakuti a m'botolo lakutilakuti, koma osadziwa kuti m'botolomo muli chiyani. Manja anali ake, nzeru zinali zotsekeredwa. Mu 1934, chaka chimene anyamatawa ankasakaniza chakumwa chotchuka cha Zombie, nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa lamulo la Tydings-McDuffie, limene linachepetsa anthu a ku Philippines ololedwa kulowa m'dzikomo kufika pa 50 okha pa chaka. Ophika achitchaina nawonso anali pansi pa lamulo la 1882 loletsa anthu a mtundu wawo kulowa m'dzikomo, limene linachotsedwa mu 1943. Dziko linkawakana pa chipata, koma linkawafuna kukhitchini.

Mmodzi mwa anyamata aja, Ray Buhen, anagwira ntchito m'mabala a eni ake zaka 27 asanatsegule yakeyake, Tiki-Ti, ku Los Angeles mu 1961. Ndipo malo a tiki atazilala m'zaka za m'ma 1970, eni ake n'kumwalira, chinsinsi cha Zombie weniweni chinatsala pang'ono kupita nawo kumanda. Wofufuza wina, Jeff Berry, anachipeza m'kabuku ka m'thumba ka Dick Santiago, wa ku Philippines amene anagwirapo ntchito kwa Donn Beach, n'kuchisindikiza mu 2007. Chimene bwana anabisa chinasungidwa ndi wantchito.

Mwina mukufunsa kuti za ku Hollywood zikutikhudza bwanji ife. Zikutikhudza chifukwa Malawi nayenso wakhala "chilumba" cha anthu ena kwa nthawi yaitali. M'nthawi ya atsamunda, amuna a ku Nyasaland ankadziwika ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg ngati ophika ndi operekera zakudya odalirika, m'nyumba za azungu ndi m'mahotela momwe. Ambiri mwa matchona athu moyo wawo wonse unathera pakati pa khitchini ndi tebulo. Mu 1949 ndi 1950 ndege za BOAC zotera pamadzi zinkaima ku Cape Maclear pa ulendo wochoka ku England kupita ku South Africa, ndipo okwera ankagona usiku m'mphepete mwa nyanja yathu, n'kupitirira mawa lake atadya, atamwa, ataona dzuwa likulowa. Mu 1973 boma la Dr Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, koma malo opumulirako alendo a kunyanja sankawerengedwa. Taganizani: mayi wa ku Mpingu akanavala thalauza akanagwidwa, pamene mlendo ku Mangochi ankayenda ndi zosambira. Dziko limodzi, malamulo awiri, mpanda wa hotela pakati. Kenako panabwera mawu otsatsa malonda oti "The Warm Heart of Africa", amene ngakhale ife eni ake timawanena m'Chingerezi. Ndi mawu okoma, koma ndi lonjezo limene limaperekedwa kwa mlendo m'dzina lathu, ndipo wolikwaniritsa ndi mtsikana wa beseni ndi jagi uja.

Nanga udzu? Udzu uli ndi mbiri yake. Atsamunda atakhazikitsa msonkho m'zaka za m'ma 1890, ankawerenga nyumba, ndipo nyumba zake zinali zaudzu zomwezi. Denga lililonse linali ngongole ya pachaka, imene inkakankhira amuna ku mathangata ndi ku migodi. Fodya atafalikira m'chigwa cha Lilongwe m'zaka za m'ma 1920, kuyambira ku minda ya A.F. Barron ya ku Mbabzi, ndalama zinayamba kulowa m'midzi ya dera lathu, ndipo pang'ono ndi pang'ono chizindikiro cha mlimi amene wakolola bwino chinakhala njinga, wailesi ndi malata. Kamuzu ankabwerezabwereza m'misonkhano kuti anthu ake akhale ndi chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha. Boma la Peter Mutharika litalowa mu 2014 linayambitsa ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo. Zaka zoposa 100, atsogoleri osiyanasiyana, uthenga umodzi: kuchoka mu udzu ndiko kutukuka. Ndipo anthu sankanamizidwa. Denga la udzu la pamudzi limadontha, limasunga makoswe, limafuna kukonzedwa chaka ndi chaka, ndipo moto ukangoligwira munthu amatuluka ndi zovala za m'thupi. Agogo anga aakazi ankagona ndi beseni pafupi ndi mphasa dzinja lonse.

Choncho mlendo akamakhala pansi pa denga la udzu m'tauni n'kumati akulawa moyo wa kumudzi, akulawa chinthu chimene kumudzi kulibe. Denga la m'tauni ndi lochindikala kwambiri, udzu wake ndi wosankhidwa ndi wopesedwa, milimo yake ndi yothiridwa mankhwala a chiswe. Amalume amati udzu wa denga limodzi lotere ukhoza kufolera nyumba za banja lathu lonse. Palibe wa pamudzi amene angakwanitse. Mudzi umene ukugulitsidwawo ndi mudzi wopanda kudontha, wopanda utsi, wopanda njala ya mu Febuluwale. Ndi Polynesia ya Donn Beach, yomangidwa ndi tsekera.

Ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa nkhaniyi ndikaikamba ndi anzanga ku hositelo ena amanditsutsa, ndipo sikuti amalakwitsa zonse.

Choyamba, malata a amalume anachokera ku madenga omwewa. Mtsikana wa ku Nsaru uja amalipirira fizi mng'ono wake ndi ntchito yomweyi. Ambiri mwa ife amene tikuwerenga mabuku akuluakulu lero tidzapita kukapempha ntchito kumalo omwewa digiri ili m'manja, ndipo tidzathokoza akatilemba. Munthu amene akudya ndalama ya makolo n'kosavuta kuti anyoze ntchito ya mnzake.

Chachiwiri, ife Achewa si ana pa nkhani yotengera maonekedwe a anthu ena. Aliyense amene anaonerapo gule amamudziwa Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, amamudziwanso Maliya. Pamene amishoni a Katolika ankalimbana ndi nyau m'zaka za m'ma 1920, nkhani imene Ian Linden anailemba bwino m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa, makolo athu anatenga maina ndi nkhope za m'tchalitchi n'kuzitulutsa pabwalo. Ndiye wina akhoza kunena kuti, ngati ife tinasema mzungu, Mmereka alakwa chiyani posema tiki? Yankho langa ndi lakuti Simoni sankagulitsidwa, ndipo wosemedwayo ndi amene anali ndi mfuti, sukulu ndi msonkho. Wofooka akaseka wamphamvu n'zosiyana ndi wamphamvu akasandutsa mulungu wa wofooka kukhala kapu. Komabe ndivomereze kuti kutulutsa gule kunja kwa maliro, chinamwali ndi kulonga mfumu sikunayambe ndi alendo odzaona malo. Gule anavina m'misonkhano ya chipani zaka zonse za Kamuzu, ndipo andale a matipate anapitiriza. Pamene UNESCO inkalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, zilombo zinali zitazolowera kale kuvinira anthu okhala pa mipando ya m'tenti.

Chachitatu, si malo onse oonetsa chikhalidwe amene ali chimodzimodzi. Ku Mua, ku Dedza, kuli Kungoni Centre imene Bambo Claude Boucher anaiyambitsa mu 1976. Kumeneko nkhope za gule zili ndi maina ndi tanthauzo lake, ndipo mlendo amatuluka atadziwa kuti Achewa, Angoni ndi Ayao ndi anthu osiyana okhala ndi mbiri zosiyana. Pakhoma la malo amene tinadyera paja, nkhope zosema zinalibe dzina, zinalibe kwawo. Zina zinkaoneka ngati za ku West Africa. Zinali "za ku Africa" basi, monga mmene crab Rangoon analili "wa kuzilumba".

Apa ndi pamene ndikufuna kubwerera ku nkhani ya kalandiridwe, chifukwa ndi pamene ndinasintha maganizo. Anzanga akamalemba pa Facebook za malo odyera amakonda kudandaula kuti Amalawi sadziwa kusamala makasitomala: achedwa, sakumwetulira, abweretsa nsima yozizira. Ine ndinkadandaula nawo. Koma pitani pa Mpingu tsiku la msika, mukalowe m'kanyumba kodyeramo ka mayi aliyense. Musanakhale pa benchi madzi osamba m'manja afika kale. Mukapempha msuzi wowonjezera amakuthirirani osalemba pena paliponse. Woyendetsa kabaza amene alibe ndalama lero amadya, adzalipira Loweruka. Mayiyo amadziwa amene sadya nkhumba, amene amafuna tsabola, amene mwana wake akudwala. Sindikuti ndi paradaiso. Ntchentche zilipo, madzi osambawo nthawi zina amakhala atasamba kale anthu angapo, ndipo ukafika mochedwa umapeza mitu ya usipa yokhayokha. Koma palibe amene anganene kuti mayi ameneyu sadziwa kusamala kasitomala. Amamusamala chifukwa akudziwa kuti mawa abweranso, ndipo phindu la kubwerako ndi lake.

Kumalo a denga losalala kuja zinthu n'zosiyana. Kugwada kumene kwathu ndi ulemu wa mwana kwa mkulu, kapena wa mpongozi kwa apongozi ake, kumeneko ndi gawo la zokongoletsa, limodzi ndi mtondo wa pakhomo. Kunaikidwa pa menyu ngakhale sikunalembedwe. Mtsikana uja sanatinyoze. Anangotiwerenga molondola: ife sitinali anthu amene seweroli analikonzera. Ife mtondo timaudziwa, matuza ake tinawamva m'manja. Kutigwadira ife kukanakhala ulemu weniweni, wokhala ndi zotsatira zenizeni, ndipo zotsatirazo iye ankazidziwa kuposa ine. Kugwadira mlendo wongodutsa ndi ntchito chabe, yotha bilu ikaperekedwa, mwinanso n'kugwerapo kangachepe.

Kuchedwa kuja sindikukhululukira. Ndalama ya achimwene a ku Joni inali ndalama ngati ya wina aliyense, ndipo malo amene amaphunzitsa antchito ake kuyang'ana khungu asanapereke menyu akupitiriza mwambo wa mpanda wa hotela wa 1973. Koma mkwiyo wanga unasuntha. Unachoka pa mtsikana wa beseni kupita kwa amene anakonza seweroli, ndiponso pang'ono kwa ife eni ake, ana a sukulu amene timajambulitsa pafupi ndi mtondo wa pakhomowo n'kuika chithunzi pa intaneti, pamene kumudzi tikapita timachita manyazi kuti anzathu aone khitchini ya amayi athu.

Ku America malo a tiki anayambanso kutchuka cha m'ma 2000, makamaka Sven Kirsten atatulutsa buku la The Book of Tiki. Ulendo uno anthu ochokera kuzilumba za Pacific sanakhale chete, ndipo eni mabala ena achotsa makapu a milungu n'kusiya zakumwa zokhazokha. Maina a Buhen ndi Santiago tsopano amalembedwa m'mabuku pambali pa a mabwana awo, ngakhale kuti zinatengera zaka 70. Kuno kwathu sindinaonepo malo odyera amene analemba pakhoma dzina la amene anafolera denga, kapena mudzi umene udzu unamwetedwa, kapena dzina la mayi amene anaphunzitsa wophika kutendera nkhwani. Pamenyu pamangolembedwa kuti ndi chakudya cha makolo, ngati kuti makolowo analibe maina.

Pa holide yapitayi ndinawakambira amalume nkhani yonseyi titakhala pakhonde, mvula ikuwomba malata moti timachita kukweza mawu. Za milungu ya m'makapu sanazilabadire kwenikweni. Anachita chidwi ndi paipi ya Donn Beach yothira madzi padenga, anaseka mpaka kutsokomola. Za mabotolo a manambala anakhala chete pang'ono, kenako anati nawonso pali bwana wina amene safuna kuti iwo aziyankhula ndi alendo, kuopa kuti angawapatse nambala n'kuwatengera ntchito mwachindunji.

Ndinawafunsa ngati anadyapo kumalo alionse amene anafolera. Anati ayi. Akamagwira ntchito amaphika okha kuseri kwa mpanda, pa mafuwa, ufa atanyamula kuchokera kuno, ndipo ntchito ikatha malowo asanatsegulidwe iwo amakhala atakwera kale minibasi ya ku Mchinji. Ndinati tsiku lina ndikadzayamba kulandira malipiro ndidzawatenga, tikakhale pansi pa denga lawo, atisambitse m'manja. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe mphwanga, ndalama ya nkhuku yathunthu ndikagulire ntchafu imodzi? Udzangondigulira malata awiri, ndimalize khitchini."